Chifukwa chake sitiiwala za ndege ya ku Gabon koma timaiwala zimene tinawerenga dzulo

Munthu wa mu Lusaka amene anali atakula kale m'chaka cha 1993, mukamufunsa kumene anali pamene anamva kuti ndege yonyamula timu ya mpira ya dziko lino la Zambia yagwera m'nyanja, sachedwa kuyankha. Wina adzanena kuti anali m'minibasi yochokera ku Matero, wina anali akusesa pakhomo ku Kalingalinga wailesi ikulankhula pawindo, wina anali atangofika kuntchito n'kupeza anzake atakhala chete ngati pamaliro. Ndegeyo inagwa usiku wa pa 27 Epulo itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon, pa ulendo wopita ku Senegal, ndipo anthu onse 30 amene analimo, kuphatikizapo osewera 18, anamwalira. Papita zaka zoposa 30, koma anthu amafotokozabe za m'mawa umenewo ngati kuti ndi dzana. Munthu yemweyo mukamufunsa ndiwo zimene anadyera nsima Lachiwiri la sabata yatha, amakanda mutu, ndipo mwana wake amene anakhalira mabuku usiku wonse amalowa m'chipinda cha mayeso n'kupeza kuti zonse zauluka.

Chinenero chathu chinaona kalekale kuti kukumbukira ndi mtima zimayendera limodzi. Timati mawu anandilowa mumtima, timati nkhaniyi ndaisunga mumtima, ndipo mwana akagwira vesi kapena ndakatulo timati waloweza pamtima. Akatswiri a za ubongo ndi maganizo anganene kuti ntchitoyi imachitikira m'mutu osati pachifuwa, ndipo sangalakwe, koma zimene apeza m'zaka 100 zapitazi zimagwirizana kwambiri ndi kalankhulidwe ka makolo. Mantha, chisoni, chimwemwe, manyazi ndi chidwi ndi zimene zimasankha zoti ubongo usunge ndi zoti utaye. Chimene ambiri sitichidziwa n'chakuti mtima posankhapo umasunga chinthu chimene chaudzidzimutsa, zina zonse zozungulira n'kuzisiya, ndiponso umatipatsa chitsimikizo chachikulu ngakhale pa zinthu zimene tikuzikumbukira molakwa. Mfundo imeneyi imakhudza mphunzitsi, kholo, mboni ya kukhoti ndi aliyense amene anaonapo zoopsa.

M'kati mwa ubongo, cha kufupi ndi makutu onse awiri, muli tizigawo tiwiri toyandikana timene nkhaniyi yagonapo. Kamodzi kamatchedwa hippocampus, ndipo ntchito yake inadziwika bwino chifukwa cha tsoka la mnyamata wa ku America, Henry Molaison, amene ankavutika kwambiri ndi khunyu. Mu 1953 dokotala William Scoville anamuchita opaleshoni n'kuchotsa mbali yaikulu ya kagawoka kumanzere ndi kumanja komwe. Khunyu inachepa, koma kuyambira pamenepo mpaka pamene anamwalira mu 2008, Molaison sankathanso kusunga zochitika zatsopano. Ankalankhula bwinobwino ndipo zambiri za ubwana wake ankazidziwa, koma munthu amene wacheza naye akatuluka kwa mphindi zochepa n'kubweranso, ankamulandira ngati mlendo. Brenda Milner, amene anamufufuza kwa zaka zambiri, anathandiza kusonyeza kuti hippocampus ndiyo imalumikiza malo, nthawi, anthu ndi mawu kuti zikhale nkhani imodzi yoti munthu n'kudzaikumbukira.

Kagawo kachiwiri ndi amygdala, kamene kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi mtedza, ndipo kamakhala tcheru ndi chilichonse chimene chingatipweteke kapena kutipindulira. Kuti tizigawo tiwiriti timasunga zinthu zosiyana kunaonekera kale mu 1911, pamene dokotala wa ku Switzerland, Édouard Claparède, analemba za mayi wina amene anali ndi vuto loiwala chilichonse chatsopano. Tsiku lina dokotalayo anabisa phini m'dzanja lake, ndipo popatsana moni anamubaya mayiyo. Patapita nthawi yochepa mayiyo anali ataiwaliratu zimene zinachitika, koma dokotalayo atatambasulanso dzanja, iye anakana kuligwira, ngakhale kuti sankatha kufotokoza bwino chifukwa chake. Mu 1995 Antoine Bechara ndi anzake a pa yunivesite ya Iowa anaonetsa zomwezi momveka kwambiri. Iwo ankaonetsa anthu zithunzi za mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtundu umodzi unkatsatiridwa ndi hutala ya phokoso lodzidzimutsa. Wodwala amene amygdala yake inali yowonongeka ankatha kunena mtundu umene unkabwera ndi hutala, koma thupi lake silinkachita mantha pouona. Wodwala amene hippocampus yake inali yowonongeka sankatha kutchula mtunduwo, koma khungu lake linkasonyeza mantha ukangoonekera. Thupi, tingatero, lili ndi chikumbukiro chakechake chimene sichidikira kuti mutu uvomereze.

Chimene chimachitika munthu akadzidzimuka n'chodziwika ndithu masiku ano. Tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa m'magazi mankhwala a m'thupi otchedwa homoni. Yoyamba ndi adrenaline, imene imafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kuumitsa m'kamwa, ndipo pakapita mphindi zingapo timatulutsanso cortisol. Mahomoni amenewa amautsa amygdala, ndipo amygdala imalimbikitsa hippocampus ndi mbali zina za ubongo kuti zimene zangochitikazo zikhazikike. Mawu akuti kukhazikika ndi ofunika pano, chifukwa chikumbukiro chatsopano chimakhala ngati simenti yaiwisi, imene imatenga maola kuti iume ndipo m'maola amenewo ingathe kulimbitsidwa kapena kuwonongedwa. James McGaugh wa pa yunivesite ya California ku Irvine anathera zaka zambiri pofufuza zimenezi. Mu 1975 Paul Gold ndi Roderick van Buskirk anapeza kuti makoswe obayidwa adrenaline atangomaliza kuphunzira chinthu ankachikumbukira bwino kuposa anzawo, koma jakisoniyo akachedwa ndi maola angapo sinkathandizanso, ndiponso mlingo wochuluka kwambiri sunkapindula ngati wapakatikati.

Pa anthu, umboni wosavuta kumva unatuluka mu 1994 kuchokera kwa Larry Cahill, McGaugh ndi anzawo. Anthu anaonetsedwa zithunzi zofanana, koma nkhani yotsagana nazo inali yosiyana. Ena anauzidwa kuti mnyamata akupita ndi amayi ake kukaona kuchipatala kumene atate ake amagwira ntchito, basi. Ena anauzidwa kuti mnyamatayo wagundidwa ndi galimoto panjira, wavulala koopsa, ndipo madokotala akulimbana kuti amupulumutse. Patatha sabata imodzi, amene anamva nkhani yomvetsa chisoni anakumbukira zambiri za mbali yokhudza mtimayo. Koma gulu lina linali litamwetsedwa propranolol, mankhwala amene madokotala amaperekanso kwa odwala kuthamanga kwa magazi ndipo amatsekereza mphamvu ya adrenaline. Kwa anthu amenewa phindu lija linasowa, ndipo nkhani yachisoni anaikumbukira pa mlingo wofanana ndi nkhani wamba.

Si zoopsa zokha zimene zimachita zimenezi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 2012, Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza ndipo Chipolopolo, timu ya Zambia, itatenga chikho cha Africa pogonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenate mu mzinda womwewo wa Libreville, anthu anathamangira m'misewu kuyambira ku Chawama mpaka ku Mtendere, ndipo amene anali ana pa nthawiyo amakumbukirabe nyumba imene anaoneramo mpirawo ndi munthu amene anawanyamula m'mwamba. Pali chinanso chimene chimawonjezera mphamvu ya zikumbukiro zotere. Chinthu chokhudza mtima timachikamba mobwerezabwereza, kunyumba, kutchalitchi, m'basi, pa wailesi chaka ndi chaka, ndipo monga akulu amanenera, mphini yobwereza ndiyo imawala. Tulo nato timathandiza, chifukwa ubongo umapitiriza kukhazikitsa zimene taphunzira masana pamene tili mtulo.

Apa ndiye pali msampha umene ndimaona kuti anthu ochepa kwambiri amaudziwa. Mu 1977 Roger Brown ndi James Kulik, atafunsa anthu za tsiku limene Pulezidenti wa America John F. Kennedy anaphedwa mu 1963, anaganiza kuti nkhani yodzidzimutsa imajambulika mu ubongo ngati chithunzi cha kamera. Vuto linali lakuti panalibe njira yodziwira ngati zimene anthuwo ankanena zinali zoona. Mpata woyesa unapezeka pa 28 Januwale 1986, pamene chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chinaphulika chitangonyamuka n'kupha anthu 7. M'mawa mwake Ulric Neisser anapempha ophunzira a pa yunivesite ya Emory kuti alembe kumene anali, amene anali nawo ndi mmene anamvera nkhaniyo. Patatha zaka ziwiri ndi theka, iye ndi Nicole Harsch anafunsanso ophunzira 44 mwa iwo mafunso omwewo. Mmodzi mwa anayi alionse analakwitsa mfundo zonse zikuluzikulu, ndipo amene anayankha molondola pafupifupi zonse anali owerengeka. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti olakwitsawo anali otsimikiza mtima, ndipo ena ataonetsedwa pepala limene analemba okha anavomereza kuti dzanja ndi lawo, koma anaumirira kuti iwo akukumbukira zina.

Jennifer Talarico ndi David Rubin anabwereza kafukufuku wotere pa yunivesite ya Duke tsiku lotsatira chiwembu cha zigawenga ku America cha pa 11 Sepitembala 2001, ndipo anawonjezera chinthu chanzeru. Anapempha ophunzira 54 kuti alembe za mmene anamvera nkhani ya chiwembucho komanso za chinthu china wamba chimene chinawachitikira masiku omwewo. Pofunsidwanso patapita milungu ndi miyezi, zikumbukiro zonse ziwiri zinali zitasintha pa mlingo wofanana. Kusiyana kunali pa chitsimikizo chokha. Za chinthu wamba ophunzirawo ankavomereza kuti zayamba kuzimiririka, koma za chiwembucho ankalumbira kuti akuziona ngati lero.

Chifukwa chake n'chakuti kukumbukira sikufanana ndi kutsegula sutikesi n'kutulutsa chovala mmene munachipindira. Nthawi iliyonse tikakumbukira timamanganso nkhaniyo kuchokera ku zidutswa, ndipo m'mipata timalowetsa zimene tinamva kwa ena, zimene tinaona pa TV ndi zimene zikuoneka kuti ziyenera kuti zinachitika. Mu 2000 Karim Nader, Glenn Schafe ndi Joseph LeDoux anasonyeza pa makoswe kuti ngakhale chikumbukiro chakale cha mantha chikautsidwa chimafewanso kwa kanthawi ndipo chimafunika kukhazikikanso. Ndikaganiza za zimenezi ndimakumbukira mikangano ya m'mabanja pambuyo pa maliro, pamene abale awiri amalumbira mosiyana za mawu otsiriza a malemu ponena za nyumba kapena puloti. Timafulumira kunena kuti mmodzi wa iwo akunama, ndipo nthawi zina akunamadi. Koma n'zothekanso kuti onse awiri akunena ndi mtima woona zimene ubongo wawo unamanga pa tsiku limene anali ndi chisoni chachikulu, ndipo a nkhoswe ndi akuluakulu oweruza nkhani zotere angachite bwino kudziwa kuti kulumbira kwambiri si umboni.

Mtima ukadzidzimuka umachepetsanso zimene maso akuona. Katswiri wina, James Easterbrook, analemba mu 1959 kuti munthu akamatekeseka kwambiri maganizo ake amaunjikana pa chinthu chimodzi chapakati, za m'mbali n'kumazitaya. Mu 1987 Elizabeth Loftus ndi anzake anaonetsa anthu zithunzi za munthu ali pa kauntala ya malo odyera, kwa ena atagwira cheke, kwa ena atagwira mfuti. Amene anaona mfuti anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake anavutika kwambiri kuloza nkhope ya munthuyo pakati pa ena. Ganizirani mayi amene walandidwa foni ndi chikwama madzulo potsika basi, wakubayo atamuonetsa mpeni. Mpeniwo adzaufotokoza mpaka chigwiriro chake, pamene nkhope anangoiona mwa apo ndi apo. Mawa lake akaona mnyamata wa msinkhu womwewo ndi chipewa chofanana pa msika wa Soweto n'kufuula kuti kawalala, iye amakhala wotsimikiza ndi mtima wonse, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu la anthu limachita likamva mawu amenewo.

Tsopano tibwere ku kalasi, kumene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mwana sagwira masamu popanda mkwapulo, ndipo makolo ena amanenabe monyadira kuti ndodo ndiyo inawapanga kukhala anthu. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana m'masukulu a m'Zambia, koma chikhulupiriro chakuti mantha amaphunzitsa sichinachoke m'mitima. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi kachoonadi kake, chifukwa mantha amalimbitsadi chikumbukiro. Funso ndi lakuti amalimbitsa chikumbukiro cha chiyani. Malinga ndi zonse tafotokozazi, ubongo umasunga chinthu chimene chabweretsa manthawo, ndiye kuti ndodo, nkhope ya mphunzitsi, kuseka kwa anzako, ngakhale fungo la choko. Funsani munthu wamkulu amene anakwapulidwa pa bolodi ali mu Giredi 5. Adzakuuzani dzina la mphunzitsiyo ndi malaya amene anavala tsikulo, koma samu imene analephera sadzaitchula. Nkhwangwa imaiwala, mtengo suiwala, ndipo chimene mtengo umakumbukira ndi bala. Choipa kwambiri n'chakuti manthawo amamatirira ku phunziro lenilenilo, monga mmene dzanja la Claparède linakhalira loopsa kwa mayi uja, moti munthu amakula akunena kuti masamu si mbali yake pamene chimene anaphunzira ndi kuopa.

Amene amaikira kumbuyo kuopseza ana nthawi zina amatchula mfundo yodziwika ya Robert Yerkes ndi John Dodson ya mu 1908, yakuti kupanikizika pang'ono kumathandiza munthu kuchita bwino koma kukachuluka kumawononga. Ndi bwino kudziwa kuti awiriwa ankayesa mbewa zimene zinkaphunzira kusiyanitsa mabokosi owala ndi akuda pomenyedwa ndi magetsi, ndipo mfundo yawo inakulitsidwa ndi olemba a pambuyo pake kuposa zimene iwo anapeza. Komabe chimodzi mwa zimene anaona n'chothandiza. Ntchito ikakhala yosavuta, chilango champhamvu chinkafulumizitsa kuphunzira, koma ikakhala yovuta, chilango champhamvu chinkasokoneza. Kugawa manambala aakulu, kumvetsa ndime ya Chingelezi kwa mwana amene kunyumba amalankhula Chinyanja kapena Chibemba, kufotokoza mmene magazi amayendera m'thupi, zonsezi ndi ntchito zovuta.

Chimene chimasokonezekacho ndi kachikumbukiro ka kanthawi kochepa kamene timagwiritsa ntchito poganiza, monga pamene kondakitala akuwerengera chenji ya anthu anayi m'mutu. Malo ake ndi ochepa kwambiri, amangokwana zinthu zowerengeka pa nthawi imodzi. Mark Ashcraft ndi Elizabeth Kirk anasonyeza mu 2001 kuti anthu oopa masamu amakhala ndi malo ochepa oterewa pamene akuwerengera, makamaka pa masamu ofuna kusunga nambala m'mutu, chifukwa nkhawa nayo imakhala pa malo omwewo. Mwana amene akuganiza kuti ndikalakwa andiseka, kapena ndikalephera atate anena chiyani, ali ngati munthu wosenza mtolo wa makala amene akuuzidwa kuti anyamulenso ndowa ya madzi.

Zimene ophunzira amanena kuti mutu unaima m'mayeso zilinso ndi chifukwa chake m'thupi. Homoni ya cortisol imene imathandiza kusunga zatsopano imatsekereza kutulutsa zakale. Mu 1998 Dominique de Quervain, Benno Roozendaal ndi McGaugh anaphunzitsa makoswe malo opulumukirapo m'dziwe la madzi, kenako anawaopseza asanawayese. Oopsezedwa kutatsala mphindi 30 anaiwala malowo, pamene oopsezedwa kutatsala mphindi 2 kapena maola 4 anakumbukira bwino, ndipo mphindi 30 zimenezo ndi nthawi imene homoniyo imakhala itakwera kwambiri m'magazi. Patatha zaka ziwiri anapezanso zofanana pa anthu. Izi zikufotokoza chifukwa chake wophunzira wa Giredi 12 amene wathamangira basi m'kutentha kwa Okutobala, wafika mochedwa, wakalipiridwa pa geti, amayang'ana pepala osaona kanthu, koma potuluka, mtima utakhala m'malo, mayankho onse amabwera okha ali pa siteshoni. Zimene anawerenga zija sizinatayike, chitseko chokha n'chimene chinatsekeka pa nthawi yolakwika.

Pali njira zimene zayesedwa zochepetsera vutoli. Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a pa yunivesite ya Chicago analengeza mu 2011 kuti ophunzira ankhawa amene anapatsidwa mphindi 10 zolemba nkhawa zawo papepala mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo ankhawa amene sanalembe, ngakhale kuti ofufuza ena a pambuyo pake sanapeze phindu lofanana nthawi zonse. Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yodziyesa. Mu 2016 Amy Smith ndi anzake a pa yunivesite ya Tufts anapeza kuti anthu amene anaphunzira mawu ndi zithunzi potseka pepala n'kuyesa kukumbukira okha sanasokonezeke ataikidwa pa mpanipani tsiku lotsatira, pamene amene anangowerenga mobwerezabwereza anaiwala zambiri. Wophunzira amene amatenga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, kutseka kope n'kuyankha nthawi ikuwerengedwa, akukonza njira zambiri zofikira chimene akudziwa, ndipo mantha sangatseke zonse nthawi imodzi. Kuchezera usiku wonse n'kosiyana ndi zimenezi, chifukwa kumalanda ubongo tulo timene ukufunikira kuti usunge zowerengedwazo.

Ngati mantha amakokera maganizo kutali ndi phunziro, chidwi chimawakokera ku phunziro lenilenilo, ndipo pamenepa ndi pamene mtima umakhala bwenzi la mphunzitsi. Mu 2014 Matthias Gruber, Bernard Gelman ndi Charan Ranganath a pa yunivesite ya California ku Davis anaika anthu m'makina ounika ubongo n'kumawafunsa mafunso osiyanasiyana, yankho n'kumalichedwetsa pang'ono. Munthu akakhala ndi njala yodziwa yankho, mbali za ubongo zoyendera mankhwala a m'thupi otchedwa dopamine, zimene zimagwiranso ntchito tikamayembekezera chakudya kapena malipiro, zinkagwirizana kwambiri ndi hippocampus. Anthuwo anakumbukira bwino mayankho amene ankawafunitsitsa, ndipo anakumbukiranso bwino nkhope zimene zinkaonetsedwa pa nthawi yodikirayo ngakhale sizinkakhudzana ndi funso. Agogo amene ankayamba ndi panangokhala, ife n'kuvomera kuti tili tonse, ankagwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Ankatisiya m'malere Kalulu ali pangozi, ankalowetsa nyimbo pakati kuti tonse tiimbe, ndipo mwambo wa nthanoyo unkabwera mtima uli wotseguka. Komabe pali chenjezo. Shannon Harp ndi Richard Mayer anapeza mu 1998 kuti tinkhani tosangalatsa timene sitikugwirizana ndi mfundo ya phunziro timachepetsa kumvetsa, chifukwa ophunzira amasunga kankhaniko mfundo n'kuisiya. Mphunzitsi woseketsa kalasi ndi nkhani za kumudzi angakondedwe kwambiri, koma ana adzakumbukira nthabwala. Chidwi chiyenera kukhala pa funso lenileni, monga chifukwa chake madzi a m'zitsime zosazama za ku Kanyama amaipa mvula ikagwa, kenako phunziro la tizilombo ndi miyala ya pansi pa nthaka libwere ngati yankho.

Zonsezi zikunena za mantha a tsiku limodzi. Kupanikizika kwa miyezi ndi zaka n'kwina, ndipo kumafooketsa m'malo molimbitsa. Pa nyama zoyesedwa, mahomoni a kupanikizika akakhala okwera nthawi yaitali amawononga timinyewa ta mu hippocampus. Mwana amene amagona akumva makolo akumenyana, amene sakudziwa ngati adya madzulo, kapena amene wataya mayi ake pa mliri wa kolera wonga umene unachedwetsa kutsegulira masukulu kumayambiriro kwa 2024, amafika m'kalasi ubongo wake uli kale pa ntchito yolondera. Timamutcha wogona kapena wosamva. Palinso chimene Gordon Bower anafotokoza mu 1981, chakuti mmene mtima ulili lero zimasankha zimene tikumbukire za dzulo. Munthu wokhumudwa amakumbukira msanga zolephera zake, zabwino n'kumabisika, ndipo zokumbukirazo zimawonjezera kukhumudwako. Wophunzira wovutika maganizo akamanena kuti sanakhozepo kanthu chibadwire, sikuti akufuna kumveredwa chisoni, koma pa nthawiyo n'zokhazo zimene mutu wake ukumupatsa.

Kumapeto kwenikweni kwa msewu umenewu kuli anthu amene vuto lawo ndi kulephera kuiwala. Amene anagwiriridwa, amene anapulumuka ngozi ya pamsewu, amene anaona m'bale akuphedwa, ena mwa iwo amalota zomwezo usiku uliwonse, amanjenjemera akamva fungo kapena phokoso lofanana ndi la tsikulo, ndipo amazemba malo ndi anthu owakumbutsa. Madokotala a za maganizo anaika vutoli m'buku lawo la matenda mu 1980 ndi dzina lakuti PTSD. Si onse oona zoopsa amene amadwala chonchi, ambiri amachira okha mothandizidwa ndi abale, koma kwa amene akudwala, malangizo athu a masiku onse akuti ingoiwalani, zinapita, sagwira ntchito. Kuzemba chikumbukiro kumachisiya chili ndi ululu wake wonse, popeza ubongo supeza mpata wophunzira kuti ngoziyo inatha.

Chithandizo chimene chasonyeza mphamvu chimayenda njira yosiyana, ndipo umboni wina wabwino unachokera mu Lusaka momwe muno. Laura Murray wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ndi anzake, kuphatikizapo ofufuza a m'Zambia, anatsatira ana 257 a zaka 5 mpaka 18 a m'madera asanu a mu mzindawu amene anakumana ndi zoopsa monga nkhanza ndi imfa za makolo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015. Opereka chithandizo sanali madokotala, anali alangizi wamba amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Mwana ankayamba waphunzira kukhazika thupi pansi ndi kutchula zimene akumva mumtima, kenako pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ankafotokoza nkhani ya zimene zinamuchitikira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, pamalo otetezeka, ndipo pamene zinali zotheka womulera ankatengako mbali. Mlangizi ankamuthandizanso kuwongola maganizo amene anamatirira ku chikumbukirocho, monga akuti ndinalakwa ndine. Mwa ana amene analandira chithandizochi, zizindikiro za vutoli zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse zinatsika ndi pafupifupi 21 peresenti. Anawo sanaiwale zimene zinawachitikira. Ankatha kuzifotokoza mwadongosolo kuposa kale, koma tsopano ngati nkhani imene inachitika pa tsiku lakutilakuti n'kutha, thupi osanjenjemeranso ngati kuti ikuchitika lero.